Sindifufuta Chilumba Chachitatu

Lolemba, 3 Malichi

Bwana abwera ndi mlendo. Suti yonyezimira, nsapato zosongoka, pafyumu wolowa m'chipinda mwini wake asanafike. Akuti ndi katswiri wa magemu a pafoni, wabwera kudzatithandiza. Tinadwala liti ife?

Ndilembe pano, mwina mawa adzanena kuti ndinkalota. Zaka ziwiri zapitazo, kampani ya mabuku ya ku Japan inalola kaofesi kathu ka anthu asanu ndi anayi kusandutsa nthano yawo ya zithunzi, ija ya achifwamba apanyanja, kukhala gemu. Nthano yoti ana ndi makolo awo amalimbirana buku likatuluka. Ndipo anatisankha chifukwa cha zimene ndinajambula ine: gemu yachikale, anthu opangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono, nkhondo zosinthana. Wamenya iwe, wamenya mdani, kenako ukhala phee kuganiza. Kaputeni wa m'nthanoyo, wamkazi wa khutu limodzi, ndinamukwanitsa m'timabokosi 32 kutalika kwake, koma akakwiya umachita kumuona.

A Suti ayang'ana sikirini yanga masekondi asanu. Akuti n'zokongola, mayi, koma malo ake ndi kunyumba yosungirako zinthu zakale. Ndawauza kuti kunyumba imeneyo anthu amaima pamzere kuti alowe. Bwana andiponyera diso.

Lachiwiri, 4 Malichi

Msonkhano maola atatu. Mutu waukulu.

Pulani ya a Suti: zithunzi zosalala, tsitsi lowuluka, malupanga ong'anima, munthu azimenya nkhondo ndi chala chimodzi ali m'basi. Chikomekome cha mkuyu. Ine ndinkangojambula nangula pakona ya pepala.

Kenako anafika pa chilumba chachitatu.

M'bukumo, ndi pamene gulu la kaputeni limagonja koyamba. Nkhalamba yogwira chiwongolero imatsala padoko kutsekereza asilikali kuti anzake athawe, ndipo sionekanso. Mu gemu yanga, wosewera amamenya yekha nkhondo imeneyo. Pansi pa sikirini pamakhala mawu oti asankhe: Menya, Dziteteze, Mankhwala, Thawa. Nkhondo ikamapita, mawuwo amazima limodzilimodzi, mpaka kutsala Thawa yekha. Gemu siyikuthawitsa. Imakudikira kuti udinde wekha batani, umusiye wekha mkuluyo. Miyezi inayi ndinakhalira pamenepo.

A Suti akuti anthu sakonda kugonja, adzangoifufuta m'foni. Nkhalambayo ipulumuke, ipatsidwe chipewa chatsopano.

Chipewa.

Ndafunsa ngati bukulo analiwerenga. Akuti anawerenga chidule chake. Sindinathe kudziletsa, ndinaseka. Kuseka koipa.

Lachitatu, 5 Malichi

Bwana andiitanira muofesi mwawo, chitseko n'kutseka. Lachisanu kukubwera mayi wa kukampani ya mabuku, pamodzi ndi mwini nthano weniweniyo, amene anaijambula. Akudutsa kuno pa ulendo wawo. Bwana akufuna kuti ndiime ine kutsogolo ndionetse pulani ya a Suti, poti alendowo amandikhulupirira. Gemu yangayo isatchulidwe n'komwe.

Bwana si munthu woipa, n'chimene chikundipweteka. Anandilemba ntchito ndilibe pepala lililonse, zojambula zokha m'chikwama. Avula magalasi, akutikita m'maso. Akuti magemu awiri apitawa sanayende, iyi ikagwa ofesi itsekedwa. "Anthu asanu ndi anayi akudyera pano, mwanawe. Si iwe wekha."

Sindinavomere, sindinakane. Ndinati ndamva.

Kunyumba ndawapeza Amayi akupinda zovala. Zaka makumi atatu anali telala, ndiye ndawafunsa: kasitomala akafuna diresi loipa, munkasoka?

Akuti ankasoka bwinobwino, ana ankafunika kudya. Koma kansalu ka dzina lawo sankaikapo pakhosi. "Ndipo sindinaimepo pakhomo kuuza anthu kuti diresi limeneli n'labwino."

Kenako andiuza kuti ndisatenge mawu awo kukawotchera ntchito, iwo anangonena za madiresi. Amayi amenewa.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndawatsata a Phee kukhitchini ya kuofesi. Ndiwo amalemba mapulogalamu onse a gemu yathu, ndipo dzinalo anawapatsa chifukwa tsiku lonse amatha kulankhula mawu asanu. Ndawauza zimene ndikufuna kuchita mawa. Atakasa tiyi nthawi yaitali, shuga atasungunuka kalekale.

"Achemwali, ine ndili ndi ana awiri, wachitatu ali m'njira. Sindinamve chilichonse."

Chabwino. Sindiwada.

Atafika pakhomo atembenuka. Akuti vuto lija la pachilumba chachitatu, loti nyimbo inkadukira pakati, alikonza m'mawa uno. Akuti linkangowanyansa basi, ndisaganize zambiri.

Ndaika gemu mu laputopu yanga. Ndatenganso kogwirira ka mabatani kosewerera gemu, kachikale, ka waya wautali. Maganizo ali pamalo amodzi. Zaka ziwiri. Sindikaima pamaso pa mwini nthano, munthu amene anapha nkhalamba yake ndi dzanja lake n'kumuuza kuti taipezera chipewa.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndachita.

Ndilembe mwadongosolo.

Anafika atatu: mayi wa kukampani, womasulira, ndi mwini nthano. Ndinkayembekezera chimunthu. Ndi kamdala kakafupi, ka juzi yothothoka m'zigongono, zala zakuda ndi inki. Sikanayang'ane aliyense, kanangokhala kuyang'ana chomera cha pawindo.

Bwana analankhula, a Suti analankhula, kenako anati tsopano mayi wathu akuonetsani njira yatsopano. Ndinaimirira, ndinazula waya wa kompyuta ya a Suti, n'kulumikiza yanga. Pakhoma panatuluka kaputeni wa timabokosi, nyimbo ija ya tii-tii-tuu ikulira. Ndinati njira yatsopanoyo akufotokozerani eni ake, ine ndabwera ndi imene munatituma. Ndinayenda mpaka kwa mdala uja n'kumuika kogwirira m'manja.

Bwana anatchula dzina langa kamodzi, motsitsa. Sindinacheuke.

Mdalayo sadziwa kusewera. Anamenyetsa chombo pamwala kawiri, anamwetsa mankhwala munthu wosadwala. Womasulira ankamuwerengera mawu. Ndinamudumphitsira ku chilumba chachitatu.

Anamenya. Mankhwala anazima. Dziteteze anazima. Menya anazima. Kunatsala Thawa.

Sanadinde. Anayesa mabatani ena onse, ngakhale a kumbuyo. Anafunsa kudzera mwa womasulira ngati pali njira ina. Ndinati palibe, bambo, inunso simunaikemo. Anakhala choncho, chala pamwamba pa batani, nyimbo ikungozungulira. A Suti anayamba kunena kuti mwaona, izi n'zimene ndimanena, munthu wasokonezeka. Mayi wa kukampani anangokweza dzanja, a Suti n'kumeza mawu.

Mphindi ziwiri, mwina zitatu. Kenako anadinda. Chombo chinachoka, doko likuchepa, kankhalamba ka timabokosi kakutembenuka kuyang'ana anzake komaliza.

Mdala anaika kogwirira patebulo n'kulankhula mokalipa. Womasulira anati: "Akuti mwalakwitsa. Munthu ameneyu satembenuka. Akanatembenuka akanathawa nawo. Chotsani kutembenukako."

Basi. Sananene kuti n'zabwino, sananene kuti n'zoipa. Mayi wa kukampani anati ayankha sabata yamawa, n'kunyamuka onse.

Ndipo akunena zoona. Satembenuka. Ndinaziika ine kuti anthu alire msanga. Manyazi andigwira kuposa a zonse zalero.

Bwana sanandikalipire. Anangoti ndisiye kiyi wa ofesi patebulo ndizipita.

Loweruka, 8 Malichi

Imelo: ndaimitsidwa kaye mpaka atandiitana. Ziganizo zitatu.

Ndachapa makatani onse a m'nyumba. Amayi andiyang'ana, afunsa ngati madiresi aja ndinapita nawo kuntchito. Ndati eya. Angoti hmm, n'kundithandiza kufinya.

Lamulungu, 9 Malichi

Sindinong'oneza bondo. Ndalemba kuti ndione ngati zikuoneka zoona papepala.

Lolemba, 10 Malichi

Gulu lathu la pafoni la kuntchito lili zii ngati kumanda. Ndikudziwa atsegula lina lopanda ine.

Masana kwabwera uthenga wa mnzanga wojambula nyanja ndi mitambo, amene timagawana chakudya tsiku lililonse. Akuti ndinaganiza za ine ndekha. Akuti Ajapaniwo akaona kuti m'nyumba muno mbale zikugundana, atenga nthano yawo n'kupita nayo kwina, ndiye iyeyo akawauza chiyani ana ake, kuti adye timabokosi?

Ndawerenga kasanu. Ndinalemba yankho lalitali, ndafufuta. Ndangoti: ukhoza kukhala kuti ukunena zoona. Koma kunama sindikanatha.



Ndatsegula laputopu, ndachotsa kutembenuka kuja. Zithunzi zinayi zokha. Tsopano mkuluyo amangoima, msana kwa ife, mpaka doko kuzimiririka. Ndaonera ndekha, ndabwerezanso. Mdala uja ndi mfiti.

Lachiwiri, 11 Malichi

Palibe foni. Ndakonza chitseko cha kabati chimene chakhala chikulendewera chaka chathunthu.

Madzulo, Bwana: ubwere mawa 9 koloko.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndinavala bulauzi yofiira. Ngati n'kuchotsedwa, andichotse ndikuoneka.

Yankho la ku Japan lafika. Sanasankhe. Akufuna zonse ziwiri, ya a Suti ndi yanga, zilumba zitatu zoyambirira zomalizidwa, pakatha masabata asanu ndi limodzi. Adzazipereka kwa owerenga mabuku awo kuti asewere, ndipo imodzi idzafa.

Bwana anawerenga atayang'ana pepala, osati ine. Akuti anthu onse awapereka kwa a Suti, sangaike mazira a ofesi yonse m'dzanja la munthu amene anawachititsa manyazi pamaso pa alendo. Sindinenso mtsogoleri wa chilichonse. Desiki yanga yapawindo apatsa wina. Ngati ndikufunabe gemu yangayo, ndikaipangire ndekha m'chipinda chosungira makatoni, kuseri kwa makina osindikizira.

Ndikuganiza ankayembekezera kuti ndilira, kapena nditula pansi ntchito. Ndinafunsa ngati muli soketi.

Muli imodzi. Mulibe windo. Mukununkha fumbi ndi inki, ndipo wina akamasindikiza khoma limanjenjemera. Ndinadutsa pakati pa ofesi nditanyamula kompyuta, aliyense maso pa sikirini yake ngati mayeso. Mnzanga wa mitambo uja sanadzutse mutu. Ndinasanja makatoni mpaka kudenga, ndinapukuta tebulo lothyoka ngodya, ndinalemba pakhoma ndi choko: masiku 42. Ndekha sindingathe, ndikudziwa. Kujambula ndijambula, koma mapulogalamu ndimangodziwa pang'ono. Ndinayatsa kompyuta basi.

Cha m'ma 11 ndinamva chinthu chikukwekwereka m'khonde. Chitseko chinatseguka, kunayamba kulowa mpando, kenako a Phee pambuyo pake, kiyibodi kukhwapa, kapu ya tiyi m'dzanja.

Ndinawafunsa ngati Bwana akudziwa. Akuti awauza. Ndinafunsa za ana aja, awiri ndi wam'njira. Akuti akambirana ndi mayi a kunyumba, ndipo mayiwo anena kuti atopa ndi mwamuna wobwera kuntchito nkhope ili ngati wameza ndimu.

Anayang'ana uku ndi uku, makatoni, khoma, soketi imodzi ija.

"Sunthani, achemwali. Ndipo mawa mubwere ndi adaputa."