Alamu Saopanso Kugwa

Okondedwa Achemwali,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi ana? Bondo lija lasiya kuvuta? Ine ndilipo, kunenepa kokha ndiye kukukanika.

Mumandiseka kuti ndinatha zaka kuyunivesite kuti ndizisewera magemu. Lero sekani pang'ono. Ndasankha kalata chifukwa pafoni mukanandidula mawu.

Paja alamu akukhala kwanga chiyambireni ntchito yomanga nyumba yansanjika khumi ndi ziwiri ija. Ife mu labu yathu ya kuyunivesite tikufufuza ngati gemu ingamuchotse munthu mantha a malo okwera. Timamuveka chigalasi chophimba maso n'kumuimika pathabwa loyala pansi. Iye amaona ngati ali pamwamba pa nsanja, magalimoto ali ngati nyerere. Akaterereka amagwa m'maso mokha, gemu n'kuyambiranso.

Anthu oyesera anaperewera, ndiye ndinakoka alamu. Sanadzipereke ayi, ndinawakoka ndine.

Tsiku loyamba anakwawa n'kukumbatira mwendo wa tebulo, akuitana dzina lanu. Anati mantha amenewo ndi amene awasunga zaka khumi ndi zisanu pazomangamanga. Tinaseka. Sabata yachitatu ankadumpha dala, uku akuimba mluzu. A Pulofesa, mkulu wa kafukufukuyu, anawagwira chanza, amvekere umboni woposa uwu sitidzaupezanso. Mu lipoti amuna anu dzina lawo ndi Nambala 14.

Dzulo masana ndinapita kuntchito kwawo kukawapatsa makiyi. Ndinawaona pansanjika yachisanu ndi chinayi akuyenda pachitsulo cham'mphepete, lamba wachitetezo akungolendewera paphewa, osamukola paliponse. Anandikwezera manja onse awiri. Kapitawo wawo anandikokera pambali, akuti wawachenjeza kawiri, iwo n'kuyankha kuti kugwa anakuzolowera.

Nditawafotokozera a Pulofesa, anandifunsa ngati ndinajambula.

Ine alamu sandimvera, akuti ndine dokotala wa zidole. Koma inu amakuopani, ndipo mantha amenewo okha ndi amene sitinawakhudze. Lolemba akukwera padenga. Kalatayi ikangofika aimbireni. Namani ngati n'kofunika, nenani kuti mwana watentha thupi, bola akwere basi m'malo mokwera makwerero. Kunditukwana mudzanditukwane pambuyo, ndidzaima chilili osayankha.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi asamve. Mulungu akusungeni nonse, ndipo atigwirire alamu mpaka mutawaona pakhomo.

Ndine mlongo wanu,
Wamagemu