Zilembo za Timichira

Lolemba, 4 Meyi
Kuchipatala masana. Mayi a kunyumba amwa tiyi theka la kapu, basi. Mwana wathu wamkazi atatuluka kukatenga mankhwala, anandikoka malaya n'kundipatsa pepala lokulungira sopo. Akuti dzina lawo pamwala wa pamanda ndilembe ndi zilembo ngati zapamenepo. Zonenepa pakati, zowonda kunsonga, chilichonse ndi timapazi ndi kamchira kopindika. Ndinawakalipira. Iwo akuti, "Anthu onse mumawalembera zouma ngati za pageti ya polisi. Ine ndikufuna zotchena. Yambani pano, ndizione ndi maso anga. Mwanayu musamuuze, angalire."

Lachinayi, 7 Meyi
Zilembo zimenezi n'za makhadi a ukwati ndi mabotolo a perefyumu, osati mwala. Papepala kamchira kamakoma. Pamwala tchizulo ikangoterereka pang'ono, kathyoka. Ndawononga zidutswa zitatu poyeserera. Amene anapanga zilembozi sanagwirepo hamala, ndikulumbira. Msana ukuwawa. Fumbi m'mphuno.

Lachiwiri, 12 Meyi
Zatheka. Dzina lonse, tsiku lobadwa, kamzere. Kutsogolo kwa kamzereko ndasiya posalemba. Chiyambire ntchito ino sindinasemepo chokongola chonchi. Ndanyadira, kenako ndachita manyazi. Ndajambula pafoni kuti akaone mawa. Mwala ndauvundikira ndi thumba la simenti.

Lachitatu, 13 Meyi
Ndapeza pakamwa patapotoka. Adokotala akuti sitiroko. Mayi sakulankhula. Foni ndawaikira pafupi ndi nkhope, maso ali kudenga. Kaya aona, kaya ayi.

Loweruka, 16 Meyi
Mwana anabwera kushopu kudzatenga makiyi a nyumba. Pofuna pokhala, anachotsa thumba lija. Anayang'ana nthawi yaitali. "Bambo, amayi akupuma, inu mwawakongoletsera kale manda? Mpaka timichira?" Ndinafotokoza zonse, za sopo, za kundikoka malaya. Sanakhulupirire ngakhale pang'ono. Mboni yanga ndi imodzi yokha, ndipo ilibe mawu.

Lolemba, 18 Meyi
Pakhomo la wodi paima alamu anga awiri. Akuti munthu wofulumira ngati ine adikirire kunja. Ndakhala pabenchi ndi fulasiki mpaka belu lotulutsa alendo. Anamwino akundilambalala ngati ndanunkha, nkhani yawafika. Mkazi ndi wanga, koma za momwe wagonera ndikufunsa kwa okolopa. Ndakwiya, ndipo sindikudziwa wokwiyira.

Lachitatu, 20 Meyi
Benchi yomweyo. Mvula.

Lachisanu, 22 Meyi
Mwana wabwera m'mawa, maso ali psuu. Sanalowe. Waima pakhomo la shopu n'kuti, "Lero, m'bandakucha. Malizitsani ntchito yanu." Ndafunsa ngati ndingakawaone asanawachotse pabedi. Anali atatembenuka kale.

Tsiku lomwalira ndalilemba ndi pensulo kutsogolo kwa kamzere. Tchizulo ndanola. Ndaiika pa 2 woyamba, hamala ili m'mwamba, koma dzanja lakana kumenya.