Matumba Khumi a Simenti

Area 23, Lilongwe
18 Januwale 1993

Okondedwa Achimwene a Nedson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nchaloko. Kuno sitili bwino, ndipo ndikulemba ndili wokwiya.

Khoma la kuchipinda kwa Amayi, lija linang'aluka ndi chivomezi cha 1989, lagwa Lachiwiri masana n'kuwathyola mwendo. Nthaka sinagwedezeke n'komwe, achimwene. Inali mvula wamba, yomweyi timadzalira chimanga.

Mu Julayi munatumiza matumba khumi a simenti. Alamu anu, bambo a Tina, anali okonzeka kugwetsa khomalo n'kumanga la njerwa zowotcha, la waya m'mizere ndi lintala ya konkire yozungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera. Paja iwo anakamangako ku Salima chitachitika chivomezi chija, ndipo anadzionera okha nyumba zomwe zinaima ndi zomwe zinagona pansi. Ankati tsiku la chivomezi palibe angalidziwe, chomwe munthu angathe n'kumanga zolimba basi.

Koma inu munamvera a Adamu, mneneri wa ku Mgona uja, amene amasuzumira m'chitsime n'kutchula tsiku la chivomezi china. Munalemba kuti, "Dikirani chidutse kaye, tingawononge simenti." Tinadikira 14 Ogasiti, kunacha, kunada. Akuti chasunthira mu Okutobala chifukwa anthu anapemphera kwambiri. Okutobala atatha, akuti Disembala. Chivomezi chanji chomasinthasintha tsiku ngati msonkhano wa makolo kusukulu?

Bambo a Tina atachenjeza kuti simenti siisungika nthawi yaitali, Amayi anawakumbutsa kuti iwo ndi mkamwini chabe, mwini mbumba ndinu. Anangonyamula zipangizo zawo n'kumakamangira anthu ena ku Area 25.

Poti ndakukalipirani, nanenso ndiulule. Amene anawatengera Amayi kwa a Adamu koyamba ndine, chifukwa cha mantha. Ndinenso ndinabisa kiyi wa kachipinda ka simenti kuti mwamuna wanga asaikhudze. Dzulo ndatsegula, matumba onse auma gwa. Bambo a Tina anagogoda thumba lina ndi hamala n'kutuluka.

Mungakhulupirire kuti a Adamu anabwera kuchipatala? Akuti kugwa kwa khomalo n'chizindikiro, chenicheni chikubwera mu Malichi. Ndinawaperekeza mpaka pageti ndi mawu omwe sindingalembe muno.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi atuluka sabata yamawa, ndipo makoma atatu otsalawo nawonso ndi ong'aluka. Akukana kudzakhala kwathu, akukananso kuti wina akhudze njerwa inu musanalole. Alembereni lero lomwe kuti alamu anu amange. Za simenti ina tidzaona.

Tina akupereka moni. Amayi nawonso akupereka moni, akuti musadandaule, mwendo sukuwawa kwambiri. Akunama. Anandifunsa ngati simenti ya mwana wawo ili bwino, ndawayankha kuti ili pomwe munati ikhale.

Ndine mlongo wanu,
Ireen