Wadi Analankhula M'beseni

Lolemba, 9 Juni

Mwera sukuleka. Patha mwezi chimirire Wadi, mchimwene wanga. Allan, mnzake wa m'boti, akadali m'chitokosi ku Boma. Ababa anali nawo m'botimo tsikulo, ndipo akuti anamuona Allan ndi maso awo akukankhira Wadi m'nyanja. Allan yemwe uja, ankagawana ndi Wadi ngakhale kachinangwa kamodzi? Kaya.

Lachitatu, 11 Juni

Kunabwera loya wa Allan, a Ndaona, nsapato zili mchenga wokhawokha. Amva za manja anga. Pa Nkope pano ndani sadziwa kuti ndikaviika manja m'madzi a m'nyanja, munthu womira amalankhula? Koma amalankhula kamodzi kokha, akatero wapitiratu. N'chifukwa chake Wadi sindinamuitanebe. Ndimafuna tidzacheze awiriwiri, ndimufunse ngati zinamuwawa.

"Hidaya, khoti limalandira umboni wa madzi," anatero. "Ukakana, mnyamata uja akafera kundende."

Ababa anawathamangitsa. Akuti kuitana akufa ndi haramu, tchimo pa chipembedzo chathu. Chonsecho chaka chatha, pokaitana kamwana komira ku Nkhudzi, anandiperekeza ndi iwowo.

Lachisanu, 13 Juni

Ndavomera. Kunyumba sindinanene.

Lachiwiri, 17 Juni



Khoti linadzaza mpaka m'mawindo. Amayi sanapite. Allan waonda, khosi ngati la nkhuku. Ababa atandiona ndikulowa ndi a Ndaona anaimirira, kenako anakhalanso. Wapolisi anabweretsa beseni labuluu, madzi okatunga pomwe boti linali. A jaji anandichenjeza kuti wofunsa ndi iwo okha, ine langa ndi kugwira madzi.

Ndinaviika. Kuzizira kunakwera mpaka m'mano. Kenako kukhosomola, kwa Wadi kwenikweni.

"Wadi, unalowa bwanji m'madzi?" anafunsa a jaji.

"Tinakangana ndi Ababa," mawu anatuluka m'besenimo. "Ndinawauza kuti usodzi ndausiya, ndikupita ku Joni. Anandimenya ndi nkhafi. Sanafune kuti ndigwe, musawazunze. Allan anadumphira m'madzi kundifunafuna mpaka mphamvu zinamuthera."

Kenako motsitsa: "Hidaya, manjawa ndi ako?"

Ndisanatsegule pakamwa, phokoso linabuka m'khoti monse. Ena kukuwa, mayi ake a Allan kulira, a jaji kumenya tebulo. Ndinafuula kuti ndine, ndine, achimwene! Pomwe phokoso limatha, m'besenimo munali madzi chabe.

Ababa sanathawe. Anavula chisoti, anachipinda bwinobwino, n'kupereka manja kwa wapolisi. Ine sanandiyang'ane.

Lachinayi, 19 Juni

Allan watuluka. Wadutsa pakhomo pano ndi mayi ake, wandigwedezera mutu. Ndinalowa m'nyumba. Sanalakwe, ndikudziwa, koma sindingathe kumuyang'ana.

Amayi sakundilankhula. Ndikalowa, iwo atuluka. Achemwali awo a Ababa akuuza anthu kudoko kuti ndagulitsa bambo wondibereka. Lero ndinapita kunyanja, ndinaviika manja mpaka zala zinachita makwinya. Palibe. Mafunde okha.

Loweruka, 21 Juni

Ndimatsuka mbale kuseri. Ndinangoona mapazi a Amayi pambali panga. Anaima nthawi yaitali.

"Mawu ake," anatero, osandiyang'ana. "Amamveka ngati akuzizidwa?"

Ndinati ayi. Amamveka ngati wangodzuka kumene, monga ankachitira tikamudzutsa kuti akaswali kumzikiti.

Anagwedeza mutu. Kenako anakhala pansi, anandilanda mbale ija, n'kutenga manja anga onse awiri, onyowa chomwecho, n'kuwaika pamasaya pawo.