Botolo la Bambo

Lachiwiri, 4 Malichi

Si khansa. Ndilembenso: si khansa. Dokotala Pradhan ananditembenuzira kompyuta kuti ndidzionere ndekha, matumbo oyera bwinobwino. Ndinalira m'galimoto, kenako njala. Njala yeniyeni, koyamba chipitire Khirisimasi.

Vutoli akuti IBS. Mwachidule, matumbo osachedwa kukwiya. "Atengera mwini wake," anatero amuna anga a Orrin. Lero ndawakhululukira.

Lachinayi, 6 Malichi

Dzana lija ndinafunsanso za yisiti. Achemwali anga a Glenda akhala pa nyimbo imodzi chiyambire Januwale: "Yisiti yakuchulukira m'matumbo iwe Marlys, zaka zonsezi uli ndi mtanda m'manja, mimba ilekerenji kufufuma?"

Dokotala sanandiseke. Akuti yisiti ya m'matumbo aliyense ali nayo. Mwa odwala ena ngati ine imaoneka yosiyanako, ofufuza akadali mkati, koma palibe amene watsimikiza kuti ndiyo gwero. "Ya m'buledi wanuyo, mayi, imafera mu uvuni."

Imafera mu uvuni.

Ndiye botolo la malemu bambo ndinalitayiranji? Chotupitsira buledi chimene anayamba mu 1968, ufa ndi madzi basi, kuchidyetsa m'mawa uliwonse ngati khanda. Buledi yense amene ndagulitsapo pamsika wa Loweruka anachokera m'menemo. Masabata asanu apitawo, m'mimba mukupotokola, mantha atandigwira, ndinalipereka kwa a Orrin. Katayeni, ndisalionenso. Anatuluka nalo.

Lolemba, 10 Malichi

Achipatala andiletsa anyezi, adyo, maapozi ndi mkaka kwa kanthawi, kenako ndizidzabwezera chimodzichimodzi mpaka wolakwa apezeke. M'mimba zii, tsiku lachitatu. Dzulo kutchalitchi ndinakhala kutsogolo. Zaka ziwiri ndili pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi, anthu n'kumati ndine wodzichepetsa.

Pashelufu pamene pankakhala botolo patsala chizindikiro chozungulira. Sindinapukute.

Loweruka, 15 Malichi

Msika wachisanu ndi chimodzi popanda ine. Mayi Lindqvist, kasitomala wanga, aimba foni, akuti buledi wa m'sitolo akuwamata m'mano. Ndinangoti posachedwa. Bodza.

Ndayesa kuyamba chotupitsa chatsopano. Fungo la masokosi. Cha bambo chinkanunkhira ngati maapozi oyamba kusasa, ukatsegula chivundikiro n'kumva ngati alowa m'khitchini ndi epuloni yawo ija. Ndawasowa koopsa lero.

A Glenda abwera ndi mapiritsi otsuka matumbo. Ndawauza zimene ananena dokotala. "Madokotala sadziwa zonse." Eya, odziwa zonse ndi a Glenda. Koma mkulu ndi mkulu. Komanso ndiwanenerenji, dzanja lopereka botolo linali langa.

Ufa m'thumba ukutsika, chonsecho sindikuphika. Mbewa?

Lachitatu, 19 Malichi

Tsiku loyesa anyezi. Theka lokha, mu supu. Maola awiri asanathe mimba ndi iyo, ng'oma. Anyezi! Amene ndimathira m'chilichonse, ngakhale m'mazira. Ndinaseka ndili m'chimbudzi mpaka a Orrin anagogoda kufunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

Mtima pansi ndithu. Mdani ndamudziwa, ndipo ndi wogulitsidwa pakilo, wosavuta kumusiya kusitolo.

Koma mayi wolangiza zakudya kuchipatala wandimaliza. Akuti buledi wotupa pang'onopang'ono ngati wanga uja, ambiri a vuto langali amamudya osavutika kusiyana ndi wa m'sitolo. Ndinapha galu wolondera, wakuba ali m'mbale tsiku ndi tsiku.

Lachisanu, 21 Malichi

M'mawa ndinapita kugalaja kukafuna msampha wa mbewa. Sindilowako kawirikawiri, ndi ufumu wa a Orrin. Pashelufu pafupi ndi hita yotenthetsera mpweya, pakati pa zitini za misomali ndi mbedza za nsomba, chinthu chovala chipewa chawo cha ubweya. Ndinavula chipewacho.

Botolo la bambo. Lamoyo, thovu mpaka pakhosi. Pambali kapu yoyezera, supuni, ndi ufa wanga uja m'chitini cha khofi.

Munthu wosadziwa ngakhale kuwiritsa dzira. Masabata asanu ndi awiri, m'mawa uliwonse, ine ndikuyesa akukonza makina ochotsera chipale chofewa panjira. Ndinakhala pa tayala n'kulira ngati mwana.

Anandipeza momwemo. Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. Akuti ankadikira ndisiye zakudya zoyesazi, ndisadye buledi n'kumunamiziranso. "Komanso apongozi anandipatsa mkazi, ine ndikawatayire botolo kudzala? Mumandiona bwanji, mayi?"

Chotupitsacho achithira madzi ambiri, chili ngati phala la mwana. Sindiwauza mpaka kalekale.

Botolo labwerera pachizindikiro chake. Mawa msika sindiupeza, koma Lamulungu buledi awiri: wina wa a Orrin, wina wa a Glenda, adye ndikuwaona. Ndachidyetsa masana ndipo taonani chakwera kale, chikusefukira pashelufu, kansalu kali kuti