Chiliza Chanu ndi Elekitironi Yanga

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji, mwazolowera?

Ndisanafike pa nkhani zakuno, ndikupereka dandaulo mwaulemu wonse, ngati mwana wanu woyamba komanso mwini madigiri awiri. Mtengo wanu wa mapeyala, umene unakana kubereka ubwana wanga wonse, chaka chino wathyoka nthambi ndi zipatso. Limeneli ndi tsankho.

Kupatula apo tili bwino. Mng'ono wanga Esinati wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu, pepani. Kumunda nyemba za kalongonda zachita bwino. Ine ndabwera kutchuthi, ndipo anthu pamsika wa Chitakale akundifunsabe ngati ndimakonza mawailesi.

Zimene ndimachita kuyunivesite yakunja ija ndi izi. Timatenga molekyulu imodzi, kanthu kochepetsetsa koti fumbi pambali pake ndi phiri, n'kuipanikiza pakati pa nsonga ziwiri za golide, kenako timadutsitsapo magetsi. Mkati mwake muli njira ziwiri. Elekitironi, kanthu kamene kamanyamula magetsiko, sikasankha: kamayenda ngati funde, n'kudutsa konse kuwiri nthawi imodzi. Pokumana kutsogolo, mafundewo nthawi zina amafafanizana, magetsi zii! Munkati mapanga awiri avumbwitsa, ine n'kumaseka. Ndinachita kukwera ndege kuti ndikapeze kuti simunaname.

Tsono molekyulu yangayi ili ndi elekitironi imodzi yopanda mnzake, yongokhala payokha ngati kamaginito. Kodi mbeta imeneyi imawatani odutsawo? Imawatsekera onse, kapena ena imawakondera? Sindikudziwa, Amayi, ndipo kusadziwako kukundikomera.

Vuto nali. Makina ozizira oyezera zimenezi tili nawo amodzi okha, mzere wake ngwautali, ndikaphonya ndiye mpaka chaka chamawa, nthawi ya maphunziro anga itatha. Sabata imene andipatsa ndi yomweyo imene amalume asankha yomangira chiliza chanu. Ndawachonderera, koma akuti abale a ku Mozambique anauzidwa kale. Ine si elekitironi kuti ndidutse konse kuwiri.

Ndasankha makina. Komatu ndinu amene munkandilanda khasu kuti ndikawerenge, ndiye mlandu ngwanu. Chipukutamisozi chake nachi: muziwaonekera amalume kumaloto, mutakwinya nkhope ngati tsiku lotsekera sukulu, mpaka asinthe tsiku. Akauma mutu, ndidzabwera ndekha pambuyo pake, ndidzasesa pamanda panu, ndipo zimene makinawo adzanene mudzayamba kumva ndinu.

Ine mwana wanu wamakani, wokukondani,
Felesiya