Mlonda wa Thovu

Lachinayi madzulo, mwezi wa Juni. Kwazizira, koma mumtima muli mbee.

Kamwana kobadwa masiku asanakwane komwe tikukasamalira kuchipatala kuno kayamba kupuma bwino. Lolemba bambo ake, atenanti a fodya a ku Dzoole, anakanitsitsa kwamtuwagalu kuti tikaike pa makina othandiza kupuma. "Asisita, zimenezo zimamaliza munthu. Amalume anawaika, sanadzuke."

Zinandinyansa, koma ndinaugwira mtima. Ndinatenga timapaipi tina, n'kudziika m'mphuno, n'kuyatsa makina iwo akuona. Ndinawalozera botolo la madzi la pa makinawo. Ndinati madzi akachuluka, mpweya umakankha mwamphamvu kuti timapapo tisafote, ndipo thovu likamatuluka ndiye kuti zikuyenda. Anavomera monyinyirika.

Lero adokotala ati nditsitse okosijeni ndi kuchepetsa madzi pang'ono, poti pachifuwa sipakulowanso m'kati. Masana ndikudya, bambo aja anabwera akuthamanga. "Asisita, thovu lasiya!" Timapaipi tinali titachoka m'mphuno mwa kamwanako, ndipo ndinatibwezeretsa. Iwo anakana kukadya, ati alonda botolo.

Mawa mwina kamwanako tikachotsa pa makinawo. Kaya ndikawanyengerera bwanji kuti alole…